Atsikana a ku Preston Amene Anagonja Kawiri Cabe pa Zaka Khumi

Ku dziko la Canada, kumpoto kwa America, kuli masewera amene eni dziko amawakonda monga momwe anthu a kuno amakondera mpira wa miyendo. Dzina lace ndi ice hockey, ndipo amaseweredwa pa madzi oundana. Sabata ino danga lino lisimba mbiri ya kagulu ka atsikana a m'tauni yaing'ono ya Preston, m'cigawo ca Ontario, amene kuyambira mu 1931 kufikira mu 1940 anasewera masewera amenewa mwaluso lodabwitsa. Mdani amene anawasautsa koposa sanali pa bwalo ai. Anali kusowa kwa ndalama, ndiponso kupeputsidwa kaamba ka kukhala akazi.

Poyamba nkoyenera kulongosola masewerawo, pakuti awerengi ambiri sanawaonepo. Ku Ontario cisanu cimayamba kulimba mu December ndi kufika mpaka mu March. Si cisanu ca mu June cimene munthu amacipirikitsa ndi bulangete ndi moto wa citsa. Ndi cisanu coumitsa madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje kufikira atalimba ngati mwala, kotero kuti munthu angathe kuyenda pamwamba pa mtsinje osanyowa phazi. Amene anatolapo matalala mvula itagwa ndi kuwafumbata m'manja akudziwa kuzizira ndi kuterera kwace. Tsono aganizire bwalo lathunthu, la mamita 60 m'litali ndi mamita 26 m'lifupi, loyalidwa ndi cinthu cotero.

Pa bwalo limenelo osewera sathamanga koma amatsetsereka. Amabvala nsapato zokhala ndi citsulo cakuthwa kunsi kwace, conga mpeni wautali, ndipo munthu wozolowera amapita ndi liwiro loposa la njinga yopalasa. M'manja amagwira ndodo yaitali yopindika kumapeto. M'malo mwa mpira pamakhala kamphira kakuda kolimba, kaphwatalala ngati citini ca polishi wa nsapato, kamene amakacha puck. Mbali iriyonse imakhala ndi anthu 6 pa nthawi imodzi, mmodzi mwa iwo ndiye wapagolo, ndipo colinga ndico kulowetsa kamphirako m'golo laling'ono la adani. Kakamenyedwa ndi munthu wamphamvu kamauluka monga mwala wocoka pa legeni, ndipo kangathe kugulula mano. M'zaka zimene zikusimbidwa pano osewera sanali kubvala zisoti zolimba, ndipo apagolo ambiri anali kuima pamenepo nkhope iri pa mtetete. Nkosangalatsa kudziwa kuti mmodzi mwa anthu oyamba kuchinjiriza nkhope pagolo anali mkazi, Elizabeth Graham wa pa Queen's University, mu 1927. Amuna a m'magulu akulu-akulu anayamba kuzolowera cimeneci patapita zaka zoposa 30, atayamba Jacques Plante mu 1959.

Akazi a ku Canada sanayambe masewerawa mu 1931. Ca m'ma 1890, Isobel Stanley, mwana wa Bwanamkubwa woimira Mfumukazi ya ku England m'dzikomo, anali kusewera kale pa dziwe loundana ku Ottawa. Mu 1922 akazi a ku Ontario anakhazikitsa bungwe lao-lao, la Ladies Ontario Hockey Association, ndipo caka cotsatira bungwe lalikulu la amuna linakana kulandira masewera a akazi pansi pa ulamuliro wace. Anthu ena, pamodzi ndi madokotala ndi olemba nkhani, anali kunena kuti masewera ogundana ngati amenewa adzaononga thupi la mkazi ndi kumlepheretsa kubala. Mau otere anali kulemekezedwa ngati nzeru zakuya, cinkana akazi omwewo anali kuimirira tsiku lonse pa makina a m'mafakitale popanda dokotala wowadera nkhawa.

Preston inali tauni ya anthu ngati 6,000, yomangidwa pamene mtsinje wa Speed umathira mu mtsinje wa Grand. Inali tauni ya mafakitale a nsapato, mipando, mbaula ndi nsalu zaubweya, ndipo inali yodziwikanso ndi akasupe a madzi amene odwala anali kudzasambamo. Atsikana a m'taunimo anali ndi kagulu ka softball, masewera a nyengo yotentha omenya mpira ndi cibonga. Dzina la kaguluko linali Rivulettes, ndiko kunena timitsinje. Nyengo yotentha itatha mu 1930, anayamba kufunsana cimene angacite m'miyezi yacisanu, ndipo maganizo anagwa pa hockey. Kumasimbidwa kuti munthu wina amene anamva zokambirana zao anawaseka, nanena kuti sangathe. Kuseka kumeneko ndiko kunathira mafuta pa moto.

Mizati ya kaguluko inali mabanja awiri: Hilda Ranscombe ndi mbale wace Nellie, ndiponso Marm Schmuck ndi mbale wace Helen. Nellie, amene pa softball anali kunjuta kumbuyo kwa womenya ndi kuwakha mipira yothamanga, anaona kuti nchito ya pagolo siinali yacilendo kwa iye, naitenga. Hilda, amene anabadwa mu 1913, anali asanakwanitse zaka 18 pamene kaguluko kanayamba. Iye ndiye anadzakhala kaputeni, ndipo anali kusewera kutsogolo ca kudzanja lamanja. Anafunsa uphungu kwa Alexandrine Gibb, mai wolemba za masewera m'nyuzipepala ya Toronto Star, ndipo analowa m'bungwe la akazi la Ontario lija. Herb Fach, woyang'anira bwalo la Lowther Street Arena m'taunimo, anabvomera kuwaphunzitsa. Pa maulendo anali kupita ndi amai aakulu owaperekeza, pakuti masiku amenewo makolo a ku Canada, monga makolo a kwina kuli konse, sakanalola mwana wao wamkazi kukagona kutali popanda nchembere yomuyang'anira.

Analowa mpikisano nyengo itayamba kale, koma caka coyamba comweco, mu 1931, anatenga cikho ca cigawo conse ca Ontario. Anacitenganso mu 1932, ndi mu 1933, ndipo sanacitaye kufikira mu 1940. Zikho khumi zotsatana.

Cinsinsi cao sicinali cozizwitsa. Ambiri a iwo anakulira pa maiwe ndi pa mtsinje woundana, kulimbirana kamphira ndi anyamata kuyambira ali ana, ndipo anyamata sacitira cifundo mlongo wao pa masewera. Anali ozolowerana kale kucokera ku softball, aliyense wodziwa pamene mnzace adzakhala asanamuone. Hilda anali wa liwiro ndi wocenjera poyendetsa ndodo, wokhoza kulambalala adani awiri kapena atatu kamphira kali cimamatire ku ndodo yace. Marm Schmuck anali womwetsa zigoli woopsa. Ndiponso sanali kuopa kugundana. M'masiku ao malamulo anali kulola akazi kugunda mdani ndi phewa kapena ciuno kuti amlande kamphira, monga momwe amacitira amuna, ndipo masewera ao ena anali aukali kotero kuti oweruza anali kutuluka thukuta pa malo ozizira. Oonerera anali kubwera poyamba kudzaseka atsikana akugwa cagada. Anali kubwerera kwao akusimba za zigoli.

Mmodzi mwa adani ao ochuka anali Bobbie Rosenfeld wa ku Toronto, mai amene mu 1928 anapata mendulo ya golide ndi ya siliva pothamanga pa masewera a Olympic ku Amsterdam, caka coyamba cimene akazi analoledwa kuthamanga kumeneko. Rosenfeld anali katswiri wa hockey nayenso, ndipo pambuyo pace anatsogolera bungwe la akazi la Ontario m'zaka zobvuta. Ngakhale magulu a mzinda waukulu wa Toronto, okhala ndi anthu ngati ameneyu, analephera kulanda cikho kwa atsikana a m'katauni ka mafakitale.

Tsono bvuto linali ndalama. Zaka zimenezi zinali za kugwa kwa cuma pa dziko lonse kumene kunayamba mu 1929. Pofika mu 1933, ku Canada munthu mmodzi pa anai alionse ofuna nchito, kapena kuposa pamenepo, anali pa ulova. Atsikanawo sanali kulandira malipiro ali onse posewera. Amene anali pa nchito anali kugwira usana wonse ndi kukaphunzira masewera madzulo, ndipo kupempha chuti ca ulendo wautali kunali kuika nchito yeniyeniyo pa ngozi, pakuti pakhomo pa fakitale panali anthu ambiri oyembekeza malo. Bwalo nalonso linali la ndalama. Eni mabwalo anali kupatsa magulu a amuna nthawi zabwino, cifukwa ndiwo anali kudzaza mipando, ndipo akazi anali kutola zotsala. Kagulu kosagonjetseka m'cigawo conse kanali kudikira kuti amuna, ngakhale a magulu wamba, athane nalo bwalo. Kupambana kwao kwenikweniko kunadzetsanso bvuto lina: magulu ena a akazi anagwa mphwayi, oonerera anayamba kudziwiratu mathero a masewera, ndipo ndalama za pakhomo zinali kucepa.

Mu 1933 kunakhazikitsidwa bungwe la akazi la dziko lonse, la Dominion Women's Amateur Hockey Association, kuti akatswiri a kum'mawa azikumana ndi akatswiri a kumadzulo. Apa mpamene ukulu wa dziko la Canada unaonekera. Akatswiri a kumadzulo anali Edmonton Rustlers, ndipo kucokera ku Preston kufika ku Edmonton ndi mtunda woposa makilomita 3,000, ulendo wa masiku angapo pa sitima ya pamtunda, kudutsa nkhalango ndi zidikha zokutidwa ndi cipale. Atsikanawo anapita. Anafika ali otopa, ena a iwo akudwala cimfine, ndipo anasewera masewera awiri pamaso pa khamu la eni mudzi. Anagonja onse awiri, ali onse ndi kusiyana kwa cigoli cimodzi cokha. Kumeneku ndiko kugonja kuwiri kumene kumachulidwa m'mbiri yao. Ciwerengero cimene cimasimbidwa kawiri-kawiri cimati anasewera masewera pafupi-fupi 350, nagonja 2, nalingana mphamvu ndi adani katatu.

Caka cotsatira, mu 1934, anapambananso kum'mawa, ndipo mpata wobwezera unalipo. Koma ndalama za ulendo sizinapezeke, ndipo mpikisano womaliza sunaseweredwe. Zotere zinacitikanso mu 1936. Nkobvuta kupeza mau oyenera cinthu cotere. Munthu akagonja pa bwalo amadziwa kuti mnzace anamposa, ndipo amabwerera kukakonza zolakwa zace. Koma kugonja cifukwa ca tikiti ya sitima kulibe phunziro liri lonse, kumangosiya cironda. Tauni imene inali kunyadira dzina lace likamalembedwa m'manyuzipepala a m'mizinda yaikulu siinathe kusonkha zokwanira kutumiza ana ace. Kuwaweruza mwaukali anthu a ku Preston sikungakhale cilungamo, pakuti m'nyumba zambiri munalibe ngakhale za malasha ootha. Komabe magulu a amuna anali kuyenda m'zaka zomwezo.

Cimwemwe cinafika mu 1935. Caka cimeneco Lady Bessborough, mkazi wa Bwanamkubwa wa nthawiyo, anapereka cikho coti akazi a dziko lonse azilimbirana, ndipo akatswiri a kumadzulo ndiwo anayenda ulendo kubwera kum'mawa. Anali Winnipeg Eatons, kagulu kodziwika ndi dzina la kampani yaikulu ya masitolo ya Eaton. Masewerawo anacitikira m'tauni yoyandikana nayo ya Galt, ndipo Rivulettes anapambana, nakhala akatswiri a Canada yense. Anatenganso cikho cimeneco mu 1937, mu 1938 ndi mu 1939. Kuti afike pamenepo caka ndi caka anali kuyamba agonjetsa magulu a kum'mawa, a ku Montreal ndi a ku cisumbu ca Prince Edward Island, ndipo ulendo uli wonse unali kuyamba ndi funso lomwe lija la amene adzalipira.

Mbiri yao inaoloka nyanja, ndipo anaitanidwa kukaonetsa luso lao ku Ulaya. Kwa atsikana a m'tauni ya anthu 6,000 cimeneci cinali cinthu cosayembekezeka ngakhale m'maloto. Koma mu September 1939 nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inabuka, ndipo pa 10 mwezi womwewo Canada inalowamo. Ulendo wa ku Ulaya unafera m'mazira. Anaseweranso nyengo imodzi, natenga cikho cao cakhumi ca Ontario mu 1940, ndipo kaguluko kanatha. Palibe anakagonjetsa kuti kathe. Nkhondo inabvutitsa maulendo, maganizo ndi ndalama za anthu zinapita kwina, akazi ambiri analowa nchito zothandiza nkhondo, ena mwa osewerawo anakwatiwa, ndipo magulu olimbana nao anali kutha limodzi-limodzi. Bungwe la akazi la Ontario nalonso linazirala pa nthawi yomweyo.

Cimene cinatsatira ndico codabwitsa koposa m'nkhani yonseyi. Nkhondo itatha mu 1945, hockey ya amuna inabwerera ndi mphamvu, koma ya akazi siinadzuke. Mabwalo atsopano anamangidwa m'matauni ambiri, nadzazidwa ndi magulu a anyamata. M'zaka zowerengeka cabe anthu anaiwala kuti akazi anaseweranso masewerawa pamaso pa makamu, ndipo mbadwo watsopano unakula ukuyesa kuti ciyambire hockey ndi ya amuna okha. Mu 1956 ku Toronto kamtsikana ka zaka 9, Abby Hoffman, kanameta tsitsi ndi kulowa m'kagulu ka anyamata, popeza kunalibe ka atsikana. Kanasewera bwino kotero kuti kanasankhidwa kulowa m'gulu la ana opambana, ndipo pamenepo, poona cikalata ca kubadwa, akulu-akulu anazindikira kuti ndi mtsikana. Manyuzipepala analemba nkhaniyo ngati cozizwa cosaonekapo, pamene kunali kutangopita zaka 16 kucokera pamene Hilda ndi anzace anapacika ndodo zao, mtunda wa makilomita ngati 100 kucokera ku Toronto komweko. Hoffman anadzakhala katswiri wothamanga mamita 800, naimira Canada pa masewera a Olympic kanai.

Kudzuka kunadza pang'ono-pang'ono kuyambira m'ma 1960 ndi m'ma 1970, ndipo kunafuna akazi ena olimba mtima kuyambanso nchito imene inali itagwiridwa kale. Mu 1987 ku Toronto kunacitika mpikisano woyamba wa akazi a maiko osiyana-siyana. Mu 1990 bungwe loyendetsa hockey pa dziko lonse linacititsa mpikisano wace woyamba wa akazi ku Ottawa, ndipo Canada inagonjetsa United States ndi zigoli 5 kwa 2. Utatha mpikisano umenewo, kugunda mdani ndi thupi kunaletsedwa m'masewera a akazi a pakati pa maiko, motero adzukulu anayamba kusewera ndi malamulo ofewerapo kuposa a agogo ao.

Mu February 1998, ku Nagano m'dziko la Japan, hockey ya akazi inaseweredwa pa masewera a Olympic kwa nthawi yoyamba. United States inatenga golide, Canada siliva. Hilda Ranscombe anali moyo, nkhalamba ya zaka 84. Anamwalira mu August caka comweco.

Ulemu wa dziko unabwera mocedwa, monga umacitira kawiri-kawiri. Nyumba yosungiramo maina a akatswiri a hockey ku Toronto, ya Hockey Hall of Fame, siinalandire wosewera wamkazi kufikira mu 2010, pamene Angela James wa ku Canada ndi Cammi Granato wa ku United States analowetsedwamo. Hilda analandiridwa mu Canada's Sports Hall of Fame mu 2015, patapita zaka 17 ali m'manda, ndipo kagulu konse ka Rivulettes kanalandiridwamo mu 2022. Boma la Canada linalengeza kuti mbiri ya kaguluko ndi mbali ya mbiri ya dziko, ndipo cikwangwani cokumbukira cinaikidwa ku Preston mu 2017. Pa 1 January 2024 ku Toronto kunayamba mpikisano wa Professional Women's Hockey League, m'mene akazi amalandira malipiro okhazikika posewera ndipo maulendo ao amalipiridwa, zinthu ziwiri zimene zikanasintha zaka za 1934 ndi 1936.

Tauni ya Preston siirinso payokha. Mu 1973 inaphatikizidwa ndi Galt ndi Hespeler kupanga mzinda umodzi wa Cambridge. Bwalo la ku Galt, limene linatsegulidwa mu 1922, ndi limodzi mwa mabwalo akale kwambiri a hockey amene anapitiriza kugwira nchito kufikira m'zaka zino, ndipo kagulu ka atsikana acicepere a mumzindamo kanatenga dzina la Rivulettes ndi kulibvala pa malaya ao.